Tsiku Limene Amayi Adakana Kujambulidwa

Idali sokosi yakale yaubweya, yobiriwira, yobooka kuchidendene, yonunkha fodya. M'menemo ndimo amalume ankasungamo lenzi yawo, diso lagalasi lija amamangirira kutsogolo kwa kamera. Ine ndidali ndi zaka khumi, Sitandade 3.

Kamerayo amalume adaigula kwa munthu wochokera kumigodi ya ku Joni, koma diso lake lidali losweka. Chaka chimenecho atagulitsa fodya adatsala ndi ndalama ya lenzi imodzi basi. Tidapita ku Madisi atatu: amalume, ine, ndi amayi amene ankapita kuchipatala chifukwa cha chifuwa chosamva mankhwala. Bambo adamwalira ndili khanda. Pachipata cha msika anyamata a chipani adafuna makhadi. Tidaonetsa, tidadutsa.

Pakhonde la sitolo ina padali bambo wokonza mawotchi ndi mawailesi. Adali ndi malenzi awiri akale. Imodzi idali yaifupi ngati chitini cha mafuta odzola, inayo yaitali ngati chitsononkho. Adandilola kusuzumira. Yaifupi idameza msika wonse, ngolo, mitengo ndi phiri lomwe. Yaitali idandibweretsera nkhope ya mayi wogulitsa mbatata kutsidya kwa msewu, mpaka ndidaona thukuta pamphuno pake.

Amalume ankafuna yaitali. Amayi atatuluka m'chipatala adamva nkhaniyo nakana. Mawu awo ndikuwakumbukira: "Achimwene, nkhope imodzi n'chithunzi chimodzi. Kwaya ndi anthu ambiri, aliyense adzafuna chake." Sadapite kusukulu amayi, koma malonda ankawadziwa. Tidagula yaifupi.

Adanena zoona. Chisanu chonse amalume adapalasa njinga m'mapiri, kwa Msakambewa mpaka kumalire a Ntchisi, kujambula maukwati, makwaya ndi matimu a mpira. Aphunzitsi athu adaimika kalasi yonse pansi pa mkuyu, tonse tidakwana. Filimu ikadzaza ankaitumiza ku Lilongwe kukatsukitsa. Chaka chimenecho ndidavala nsapato koyamba.

Koma lenzi yotchipa ili ndi chilema chake. Ndajambula zaka makumi anayi, ndikudziwa chimene ndikunena. Pakati imaona bwino. M'mbali imapaka ngati chala chadutsa pa inki yaiwisi. Woyamba kumene sadziwa zimenezi, ndipo wogulitsa sangakuuze. Achinyamata a lero amayang'ana pakati pa chithunzi n'kutulutsa ndalama. Uchitsiru. Muziyang'ana m'makona.

Lamulungu lina amayi a mpingo wathu adafuna chithunzi. Akazi a abusa adakhala pakati, akazi a aphunzitsi pambali pawo, kenako akazi a akulu a mpingo. Palibe adachita kuwauza, umu ndi m'mene anthu ankaimira. Amayi anga, wamasiye komanso wodwala, adaima kumapeto kwenikweni kuti asatsokomolere anzawo. Chithunzi chitabwera, mikanda ya akazi a abusa inkawerengeka. Amayi adangokhala duku loyera ndi chinthu chotuwa pansi pake, chokokeka cham'mbali. Amalume adachiyang'ana nthawi yaitali.

Kutentha kutayamba amayi adasiya kupita kudimba. Kenako adasiya kusinja. Ankangokhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe kumene kudali mthunzi, zigongono zitatuluka, milomo itauma ngati makoko a mtedza. M'mawa wina amalume adamanga mbuzi yawo panjinga napita ku Madisi. Adabwera dzuwa litapendeka, opanda mbuzi, opanda lenzi yaifupi. Adabwera ndi yaitali ija. Ntchito ya magulu idathera pomwepo. Ukwati wa mwezi wotsatira adajambula munthu wina wochokera kuboma.

Mawa lake adaika filimu yatsopano. Ine ndidathamanga kukatenga mpando, ndidasamba ndi kumaso komwe ngati wojambulidwa ndine. Amalume adakaima patali, pafupi ndi khola, chifukwa lenzi yaitali imafuna mtunda. Adagwada bondo limodzi.

Amayi adakoka chitenje n'kudzifunda kumutu.

"Mlongo wanga, kamodzi kokha," adatero amalume. "N'cha mwanayu."

"N'chifukwa chake ndikukana, achimwene."

Amalume adadikira, dzuwa likuwaotcha pakhosi. Nkhuku ndi anapiye ake idadutsa pakati pawo. Amayi sadavundukule. Ndinkangomva chifuwa chikulira mkati mwa chitenjemo. Potsiriza amalume adaimirira, adakutumula fumbi pabondo, nalowa m'nyumba.

Ine ndidakwiya. Masiku atatu sindidawatengere madzi akumwa amayi. Ankaitana, ine n'kumaponya miyala pamtengo wa mango ngati sindikumva. Ndinkati ndi mwano, munthu wataya mbuzi ndi ntchito chifukwa cha iwo. Pa masiku atatu amenewo sindinadzikhululukire, ndipo sindidzatero. Mvula yoyamba idagwa dothi la pamanda a amayi likadali lofiira.

Lero ndikatseka maso ndimaona mayi wanga wamasaya, dengu pamutu, akuseka ndi mpata wa m'mano. Ndimamuona chifukwa palibe pepala lomutsutsa. Chithunzi chikakhala m'nyumba chimathamangitsa nkhope zina zonse m'mutu mwa mwana, n'kutsala chokha. Amayi ankadziwa zimenezi ngakhale sadagwirepo kamera. Ine nthawi imeneyo ndinkangoona munthu wouma mutu atafunda chitenje dzuwa lili pamutu, ndi mbuzi ya amalume itapita pachabe.