Agogo ndi Ng'oma za ku Cape Hill

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la polishi wa nsapato losakanikirana ndi la chinyezi cha kapeti ya m'nyumba yathu ya ku Smethwick, ku England. M'mawa uliwonse ankakhala pamasitepe atayala nyuzipepala, kupukuta nsapato zawo zakuda mpaka waliwali, kenako n'kuzivala, n'kumanga tayi, n'kuyamba kuzungulira: kuchipinda, kukhitchini, pawindo, kukhitchini kachiwiri. Kopita kunalibe. Anali atangopuma ntchito yoyang'anira siteshoni ya sitima ku Malawi, ndipo amayi, omwe anali namwino pachipatala cha boma, anawaitanitsa kuti adzakhale nafe miyezi ingapo. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi.

"Bambo, takhalani pansi, muperepesa kapeti," amayi ankatero akamapita ku shift.

"Ndikhale pansi ndidikire chiyani? Kubwera sitima muno?"

Agogo anali mkulu wa mpingo, ndipo nyimbo kwa iwo zinali za kwaya basi. Zina zonse zinali phokoso. Loweruka lina masana, mvula ikuwaza, tinapeza filimu ya ku Germany pa TV. Chijeremani sankachimva, koma mawu achingerezi olembedwa m'munsi ankawawerenga mokweza ngati akulengeza. Inali ya mkulu wina amene atapuma ntchito ankangokhala pawindo kuwerenga magalimoto, mpaka anamva achinyamata akuimba nyimbo zachilendo m'galaja ya pafupi, nayamba kumazembera komweko. Agogo anaseka mpaka misozi.

"Mzunguyu akundinena ine," anatero filimu itatha.

"It's just a film, agogo."

"Undiyankhe m'Chichewa, iwe."

Lachiwiri lotsatira nditabwera kusukulu, ndinapeza amayi ali pakhomo, yunifomu asanavule. Agogo kunalibe. Foni anaisiya patebulo, mankhwala a BP sanamwe, ndipo mabasi a kuno sankawadziwa. Tinayenda msewu wonse wa Cape Hill, amayi akulowa shopu ndi shopu kufunsa ngati aona bambo wamtali wa tayi yofiira, ine ndikuthamanga pambuyo pawo m'fungo la anyezi wokazinga ndi utsi wa mabasi.

Tinawapeza chifukwa cha kugunda kumene kunkachokera m'holo ina kuseri kwa mashopu. Gulu la Amwenye a Chipunjabi linkayeserera ng'oma zawo zikuluzikulu zoimba paukwati, zokoleka paphewa n'kumenya ndi ndodo mbali zonse ziwiri. Pakati pawo panali agogo, tayi itagwera kumsana, thukuta kamukamu, ng'oma ili pamimba. Bambo wina wa ndevu zoyera ndi nduwira ankawagwira dzanja kuwaonetsa pomenya.

"Bambo! Ndinatsala pang'ono kuimbira apolisi!"

"Taima kaye, mwanangu. Ndatsala pang'ono kuigwira."

Sanali pafupi n'komwe. Ankaphonya, anzawo n'kuseka, iwo n'kuyambiranso. Amayi anakhala pampando wapulasitiki, analira pang'ono, kenako anatulutsa mankhwala m'thumba n'kukapempha madzi.

Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse ankapita kumeneko, ndipo masiku enawo tebulo lathu, mipando ndi zitseko zinavutika ndi zala zawo. Visa itatha, akulongeza sutikesi, anandiitana n'kundipatsa ndodo ziwiri zimene bambo wa nduwira anawapatsa, ina yokhuthala yopindika, ina yowonda ngati bango.

"Kumpingo kwathu sangandimvetse. Sunga iwe."

Sanabwerenso ku England. Anamwalira patapita zaka zochepa. Ndodozo zinakhala m'kabati mpaka nditamaliza sukulu, pamene tsiku lina ndinazitenga n'kukagogoda paholo ija. Lero Loweruka lambiri limandipeza pamaukwati a m'Birmingham ng'oma ili paphewa. Alendo amandiyang'ana modabwa, ena n'kubwera kudzandifunsa kuti mtsikana wa ku Malawi anazitola kuti zimenezi. Ndimawauza kuti anandiphunzitsa ndi agogo anga, ngakhale kuti iwowo sanaimbepo nyimbo imodzi mpaka kumapeto osaphonya.