Mulu umodzi wa chimanga, eni ake atatu

Ndikufuna kuona matumba anga khumi a chimanga. Sindinanene kuti wina waba. Ndikungofunsa.

Mu Juni, kuzizira kutangoyamba, kwathu ku Rivirivi kunabwera anyamata ndi chimkuzamawu. Ankati tisataye chimanga kwa mavenda mtengo uli pansi, tikasungitse kudepoti yawo ku Balaka, tidzagulitse mvula ikagwa. Ndinaona kuti n'zanzeru. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndipo fizi ya Januwale imandipeza ndilibe kanthu chaka ndi chaka. Ndinapereka matumbawo ndi K15,000 yosungira.

Malemu mkazi wanga ankasoka thumba lililonse pamanja, n'kumangirira kansalu pakona kuti lisasokonezeke ndi a anzathu pangolo. Chimwalirireni ndimachita chimodzimodzi, ndi chitenje chake chobiriwira.

Lolemba ndinapita kukaona ngati anankafumbwe sanalowe. Ndinafika 8 koloko. Mlonda anati abwana ali kubanki. Ndinakhala pabenchi, mphepo ikundilowa m'mafupa. Cha m'ma 11 kalaliki anatsegula chitseko pang'ono, n'kuloza mulu wa pakona.

"Anu ndi awo, bambo."

Onse osokedwa ndi makina. Kansalu kobiriwira ngakhale kamodzi ayi.

Nditafunsa, anati anasintha matumba pothira mankhwala. Nanga anga aja? Akuti anawotcha. Matumba atsopano, ogula chaka chomwechino, kuwotcha? Ndinapempha kuti tibaye limodzi ndione njere, poti changa ndi chamakolo. Iyayi, chobayira chili ndi abwana.

"Madala, chimanga ndi chimanga," anatero kalalikiyo akuseka. "Kapena mwana wanuyo amalipira fizi ndi nsalu?"

Ndinanyamuka. Pageti ndinakumana ndi Che Amidu a ku Ngokwe, amenenso anasungitsa.

"Anu munawaona?" ndinafunsa.

"Eee, dzana. Mulu wa pakona, pansi pa zenera losweka."

"Umenewo andiuza kuti ndi wanga."

"Ndiye tilipo atatu, achimwene. Amalume anganso anawalozera womwewo."

Ndabwerako ndikupemphera kuti pakhale yankho labwino, chifukwa kunamizira munthu ndi tchimo. Koma eni depoti, tiuzeni: chitseko mumatsegula pang'ono bwanji? Bwanji mumatilowetsa mmodzimmodzi? Malole amene mlonda akuti amabwera Lamulungu amadzatenga chiyani?

Nonse amene munasungitsa kumeneko, tikumane pageti Loweruka 9 koloko. Tilowe limodzi, kalaliki alozere aliyense ake tonse tikuona. Ine ndibwera ndi chitenje chotsalacho. Thumba lililonse limene anene kuti ndi langa, ndimangirirapo kansalu pomwepo, mpaka akwane khumi.