Chithatha cha Amoyo

Inu amene mukuti zanu zinada, khalani pansi kaye ndikuuzeni za Aliness wa ku Jenala, m'chigwa cha Phalombe. Ndiyambira poipa penipeni, chifukwa nkhani yake siyamba ndi kuseka.

M'chaka cha 1995, nthawi yokolola mpunga, mayi ake a Aliness, a Bertha, anagwa pangolo. Ng'ombe zinadzidzimuka, iwo chagada pansi, khu! Anthu atathamangira anawapeza akubuula, koma zala za kumapazi zikugwedera bwinobwino.

Aliness anali mtsikana wa Fomu 2, mwana mmodzi yekhayo, bambo ake anamwalira kalekale. Anachita zimene aliyense wa kwathu kuno akanachita. Anawadzutsa mayi akewo, n'kuwabereka ndi chitenje mpaka kumsewu, n'kuwakhazika pakaliyala ya njinga, ulendo wa kuchipatala.

Ali pakati pa njira, mayi aja anasiya kubuula. Anafunsa mwaphee, ngati akufunsa mchere.

"Aliness, miyendo yanga mwaisiya kuti?"

"Ili pomwepo, amayi. Si iyi ndaigwirayi?"

"Wagwira ya wina iwe. Yanga yatsala kumunda."

Kuyambira tsiku limenelo a Bertha sanapondenso pansi. Ndiye mukudziwa pakamwa pa anthu. Mbiri inawanda kuti miyendoyo anaitenga wina, ikumulimira munda. Ena ankachita kulumbira kuti chiperoni chikagwa, nkhungu itaphimba phiri la Michesi, ankamva mapazi akuponda m'dambo, tswa, tswa, koma munthu osaoneka. A Bertha nawonso ankawonjezera mantha. Dzuwa lili paliwombo ankangoti, "Yayamba kuyenda. Ndikumva matope kuzizira." Aliness akavundukula bulangete ankaipeza miyendo ili gone, yowonda, yosagwedera.

Zaka ziwiri mtsikanayu ankawatembenuza mayi ake, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta. Zala zake zinauloweza msanawo: timafupa tondondozana ngati mfundo za nzimbe, kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Mfundo imodzi, mmunsi pang'ono mwa nthiti, inali yotumphuka. Imeneyo ankailambalala, ankaiopa.

A Bertha anamwalira ndi zilonda za pogona mu 1997. Chaka chomwecho Aliness analakwa mayeso a Fomu 4. Anatsala yekha m'nyumba imene ana a m'mudzi ankaidutsa mothamanga.

Wina akanati basi, ndikwatiwe zithe. Iye ayi. Funso limodzi linkamudya ngati chiswe: kodi miyendo ya munthu imachoka bwanji ili pomwepo? Anayamba kugulitsa mpunga wa pambale pamsika wa Migowi, buku la Bayoloje lobwereka lili pamiyendo. Analembanso mayeso, analakwanso. Amayi a pamsika anamupatsa dzina loti Adokotala a Mpunga, ndipo ankamuseka mpaka kugwira nthiti. Kunena zoona zinkamupweteka, masiku ena ankalira akuyeza mpungawo. Kachitatu anakhoza, ndipo anamutenga ku sukulu ya zachipatala ku Blantyre.

Musaombe m'manja msanga, abale. Choopsa chinali kutsogolo.

Sabata yachitatu, mphunzitsi wawo a Makina, bambo wamfupi wa mawu a besi, anakankhira m'kalasi chinthu chofunditsidwa nsalu yoyera. Atavundukula, mafupa a munthu wathunthu ali chilili, mano ali pamtunda. Ena anaseka. Aliness sanaseke, chifukwa a Makina anatembenuza mafupawo, msana n'kuloza kwa iye. Mfundo zija zinali pomwepo, zonse, monga ankazidziwira.

"Mafupa a msana alipo 33," anatero a Makina akuwagogoda ndi choko. "Asanu ndi awiri m'khosi, khumi ndi awiri a panthiti, asanu m'chiuno, otsalawo anaphatikana kumunsi uku. M'mbali monsemu mumadutsa minofu, ina yaitali ngati zingwe, ina yotambalala mpaka m'mapewa. Imeneyo ndi imene imaimika munthu. Koma chuma chili mkati. Fupa lililonse lili ndi bowo, ndipo m'mabowomo mumadutsa chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo, chofewa ngati nthochi yakupsa. Uthenga wonse wopita kumiyendo umadzera mmenemo."

Kenako anagwira mfundo ya mmunsi mwa nthiti.

"Apa ndi pamene pamakonda kuthyoka munthu akagwa. Fupa likhoza kusweka chingwe chili bwinobwino, ndipo minofu imalimba gwa kuti pasagwedere. Koma mukamupinda munthuyo, fupa loswekalo limatha kudula chingwe chija. Chikaduka, palibe amalumikiza."

Aliness anangozindikira dzanja lake lili m'mwamba.

"Aphunzitsi, nanga ngati zala akugwedeza, ndiye wina wamubereka?"

"Ameneyo wamumaliza miyendo ndi chifundo chake."

Aliness anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono. Mfiti imene mudzi wonse unkaifunafuna zaka zonsezi, anaipeza. Inali iye mwini, ndi chitenje chake.

Masiku atatu sanalowe m'kalasi, osadya, chikwama chili chomanga. A Makina anamupeza pageti akudikira minibasi, ndipo iye anawafotokozera zonse. Bamboyo sanamunyengerere.

"Anakuuzapo ndani za chingwecho nthawi imeneyo?"

"Palibe."

"Nanga kwanuko alipo amene akuzidziwa lero?"

"Palibe."

"Ndiye ukathawa iwe, akawauza ndani? Bweza chikwamacho."

Anabwerera. Mafupa ankawaopa aja anakhala anzake, mpaka anzake a m'kalasi ankati wapeza chibwenzi chosadya. Atamaliza anapempha yekha kuti amutumize kwawo, ndipo anam'patsa kachipatala kakang'ono cha ku Chiwalo.

Tsiku lake linafika mu Julayi 2004. Chiperoni chinagwa champhamvu, masana ngati mmawa. Kalipentala wina, a Goodman, anaterereka akukhoma malata pa tchalitchi chatsopano, n'kugwa chagada pamulu wa njerwa. Aliness atafika anapeza njinga yaimikidwa kale, amuna awiri atawagwira m'khwapa kuti awadzutse.

"Asiyeni! Musawadzutse!" anakuwa mpaka agalu anauwa.

Anagwada, n'kuwavula nsapato. "Bambo, gwedezani zala."

Zala zinagwedera. Analowetsa dzanja pansi pa msana pang'onopang'ono. Minofu inali gwa ngati thabwa, ndipo mmunsi mwa nthiti zala zake zinakumana ndi mfundo yotumphuka. Koma ulendo uno sanailambalale.

Anafuna chinthu chosalala, cholimba, chachitali. Tchalitchicho chinalibe zitseko, nyumba zapafupi zitseko zake zinali za bango. Galimoto silikanafika chifukwa kamlatho kanali kothyoka, ndipo msewu unali kutali. Chinthu chokhacho choyenera chinali kuseri kwa tchalitchi chakale: chithatha cha matabwa, chopakidwa penti yakuda, chimene mpingo unkanyamulira bokosi la maliro.

"Katengeni chimenecho," anatero Aliness.

Anthu anabwerera m'mbuyo. A Fanny, akazi a a Goodman, anamudumphira kumaso.

"Iwe mwana iwe, ukufuna kundilaulira mwamuna? Munthu wamoyo n'kumugoneka pa chithatha? Wakutuma ndani? Si iwe kodi mayi ako anabedwa miyendo?"

"Sanabedwe, amayi," anayankha Aliness, misozi ili chuchuchu. "Ndinawathyola ndine. Ndinawabereka, n'kuwakweza njinga ngati iyi. Mukawakweza bambowa, pofika kumsewu akhala opanda miyendo. Ndilauleni ine, koma chithatha chibwere."

Aka kanali koyamba kuzinena pagulu. Amene anadula mlandu anali a Goodman eni ake, ali pansi pomwepo.

"Katengeni. Ndinakhoma ndine chithathacho, ndikuchidziwa kulimba kwake."

Anthu asanu anawasunthira pa chithathacho nthawi imodzi, thupi lili lowongoka ngati mtengo, n'kuwamanga ndi zitenje. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula, Aliness ali kumutu atawagwira m'makutu kuti khosi lisatembenuke. Analamula kuti ayende pang'onopang'ono, phazi ndi phazi.

Ndikuuzeni, amene anauona ulendo umenewo mpaka lero akamafotokoza amatsitsa mawu. Chithatha chakuda chikutuluka m'nkhungu, opanda nyimbo, opanda nkhata za maluwa, opanda bokosi, munthu ali chagada maso ali tong'o. Apanjinga ankatsika, abambo kuvula zipewa, amayi kugwada m'mbali mwa njira. Mayi wina wokalamba anayamba kubuma maliro, ena n'kulandira, mpaka kulira kunafalikira m'midzi imene sankaiona n'komwe. A Fanny ankabwera pambuyo atadziphimba kumaso. Ndipo pakati pa kulirako pankamveka mawu amodzi okha, mobwerezabwereza:

"Bambo, gwedezani zala."

Zikagwedera, ankapitirira. Ola lathunthu anayenda choncho, mpaka anafika pamsewu pamene ambulansi imene Aliness anaitanitsa inkawadikira.

Ku chipatala chachikulu anajambula, n'kupeza fupa limodzi litasweka, kampheto kake katatsala pang'onong'ono kukhudza chingwe. A Goodman anagona chagada miyezi itatu.

Lamulungu lina mu Novembala, mpingo uli pakati pa nyimbo, pakhomo panaima munthu wowonda, ndodo m'manja. Nyimbo inaduka. Amayi ena amene anamulira tsiku lija anadzuka kuti athawe. Iye anayenda yekha, phazi ndi phazi, mpaka kutsogolo.

"Musathawe," anatero a Goodman. "Mzukwa suyenda ndi ndodo."

Mmawa mwake a Fanny anapita kwa Aliness ndi nkhuku, n'kugwada pakhonde. "Anamwino, ndinakutukwanani pagulu. Ndabwera ndekha, koma ndikanenanso pagulu." Ndipo anakanenadi.

Ntchito yoyamba imene a Goodman anagwira atapeza mphamvu inali thabwa lalitali, losalala, la zogwirira zisanu ndi chimodzi. Sanalipake penti iliyonse. Analipachika pakhonde la tchalitchi, ndipo anthu analitcha chithatha cha amoyo. Munthu akagwa mumtengo wa mango kapena pangolo m'midzi imeneyo, simumvanso wina akuti bweretsani njinga. Mumamva ana ndi akulu omwe akukuwa kuti, "Musamudzutse!"

Tsono inu amene mwalakwa mayeso kawiri, inu amene muli ndi cholakwa chimene simunauzepo munthu, mverani. Aliness sanabweze miyendo ya mayi ake, ndipo chisoni chimenecho adzapita nacho kumanda. Koma pamalo omwewo pamene ankaopa kugwira ndi pamene anapulumutsira mnzake. Chimene chinakugwetsani chiphunzireni mpaka muchidziwe mfundo ndi mfundo, chifukwa kutsogoloku kuli munthu ali chagada, akudikira inuyo. Gwedezani zala, abale anga. Ngati zikugwedera, ulendo ukadalipo. Osataya mtima.