Chitsime Chopanda Loko cha Bambo Vitorino

Bambo Vitorino a ku Amaramba, ku Mozambique, amakhulupirira zinthu zochepa, koma amazigwira zolimba. Amati munthu ndi mwini wa thupi lake, chimene wachikhetsera thukuta nchake, ndipo palibe woyenera kumukakamiza kanthu ngati sanapweteke mnzake, ngakhale wokakamizayo atavala jekete la akuluakulu a boma a ku Insaca. Nzeruzi sanazitole m'buku. Anaziphunzira pamsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene anakhala zaka zisanu akuuzidwa pomanga nyumba, tsiku lolandira ufa, ngakhale nthawi yotunga madzi.

Atabwerera mu 1993 anakwatira mayi Sara, nakakhala kumudzi kwa mkazi wawo monga mwa mwambo. Ntchito yawo yoyamba inali kukumba chitsime kuseri kwa nyumba, okha, miyezi itatu. Kufikira lero sanamanepo munthu madzi. Lamulo ndi limodzi: wotunga ayambe waodira. "Kupatsa nkwabwino," amatero, "koma kulanda, ngakhale mwaulemu, nkuba ndithu."

Chaka chathachi kunabwera Efraimu, mlembi wa komiti ya madzi, ndi uthenga woti bungwe lina likufuna kuika mjigo, umene kuno timati bomba, pachitsimecho. Padzakhala loko, ndipo komiti idzaika nthawi zotungira.

"Loko pachitsime changa?" anafunsa a Vitorino. "Kiyi azisunga ndani?"

"Komiti, bambo, m'malo mwa anthu onse."

"Anthu onsewo sindinawaone pokumba. Zinkandizonda ndi nkhuku."

Kenaka anaimirira nalalikira mpaka mthunzi wa mtengo wa mango unasuntha. Mfundo yawo inali yakuti chinthu chili ndi mwini, ndipo mwiniyo amafunsidwa, sauzidwa.

Apa mayi Sara, amene ankasenda chinangwa pakhonde, anaika mpeni pansi. Anaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba, monga amachitira nkhani ikakhala yaikulu.

"Mwanena zoona, bambo a Rita. Mwini afunsidwe. Nanga ine mundifunsa liti?"

"Ndikufunseni chiyani? Anakumba ndani?"

"Munakumba ndinu, miyezi itatu, tamva kambirimbiri. Koma munakumba m'dothi la amayi anga. Ndipo ngati nkhani ndi thukuta, ine ndakoka chingwe icho zaka makumi atatu. Taonani zikhatho izi. Kapena thukuta la mkazi ndi madzi wamba?"

Mwamuna wina akanangokalipa, nkhani nkutha. Kwa a Vitorino njira imeneyo inali yotseka, ndipo anaitseka okha ndi ulaliki wa zaka zambiri: kulamula mayi Sara kukanawasandutsa komiti. Akanatha kusunga chitsime nataya mfundo, kapena kusunga mfundo nayika chitsime m'manja mwa mnzawo. Anayang'ana chingwe chopotokacho. Anayang'ananso Efraimu, amene ankavutika kubisa mano.

"Mayi a Rita," anatero motsitsa mawu, "inuyo mukufuna chiyani?"

"Bomba ndikuifuna, msana watha uwu. Za loko ayi. Ine ndizikapempha kiyi kwa Efraimu, munthu amene ndinamuona akukwawa?"

"Mayi, ine ndangotumidwa," anadandaula Efraimu.

"Nafenso tikukutuma. Kawauze choncho."

Efraimu anapalasa njinga kupita ku ofesi ya bungwelo ku Insaca ndi yankholo. Patatha masabata atatu anabwerera nalo lina: bungwe lavomera, bola banjalo lizisamalira bombayo lokha.

Lero bomba ilipo, yopanda loko. Otunga amaodirabe, ngakhale ambiri tsopano amaodira molunjika kukhitchini. A Vitorino amauza aliyense wodutsa ndi dengu la nsomba kuti sanakakamizidwe ndi munthu: eni chitsime awiri anakambirana, ndipo iwo anavomera mwa kufuna kwawo. Mayi Sara sawatsutsa. Amangowapatsa ndowa kuti apope, popeza bomba, mosiyana ndi chingwe, siifuna luso.