Pa Zipilala za Paki

Ndikukumbukira m'mawa wina wozizira, titangofika kumene ku Toronto, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anaitanidwa ku intaviyu ya ntchito yosamalira okalamba, koma munthu womusiyira ana kunalibe. Anandibereketsa mlongo wanga Chifundo, khanda loyamwa. Ine sindinaone chachilendo, poti ku Zomba ndinkabereka ngakhale ana a eni ake.

Anatiimika polowera m'paki ina yaing'ono, pomwe panali zipilala ziwiri zakalekale za miyala yosema. Geti lake linachotsedwa, pamwalapo pangotsala mabowo adzimbiri. Amayi anasankha malowo chifukwa ankaonekera pawindo la ofesi ya intaviyuyo, tsidya la msewu.

"Usachoke pa chipilala ichi. Ndizikusuzumira," anatero.

Ndinatsamiza phewa pamwalapo, kuzizira kwake kukuboola jekete. Mayi wina woyenda ndi galu anaima n'kundifunsa komwe kunali makolo anga. Ndinati akubwera. Anazungulira kuseri kwa chipilala chinacho, foni ili kukhutu, ndipo posakhalitsa galimoto ya polisi inaima.

Wapolisi wamkazi ananjuta patsogolo panga. Ine ndinazyolika monga mwana wolangizidwa amachitira pamaso pa akulu, koma iye anaona ngati ndikubisa kanthu. Mafunso anachuluka. Atatambasula manja kuti amasule chitenje, ndinabwerera chammbuyo mpaka Chifundo anakhala pakati pa ine ndi mwala, mfundo ya chitenje nditaifumbata ndi manja awiri. Ndinali nditamvapo kutchalitchi kuti kuno boma limalanda ana. Mantha anandigwira, Chifundo naye n'kuyamba kulira.

Amayi anatulukira akuthamanga, opanda jekete, intaviyu ataisiyira panjira. Apolisi anawapanikiza ndi mafunso pomwepo, anthu odutsa akuonerera. Mapeto ake anatilola kupita tonse atatu, koma ntchito ija inatheranso pomwepo.

M'basi yobwerera ku Brampton, kufupi ndi Toronto, komwe tinkakhala, Amayi anamumasula Chifundo kumsana kwanga, zala zawo zikukanika kumasula mfundo.

"Amayi, ndalakwitsa?"

"Ayi, mwanawe. Kungoti kuno nawenso ndiwe wofunika kuberekedwa."

Sanandibereketsenso mwana kunja kwa nyumba. Kwa zaka zambiri zinkandiwawa, ndikuganiza kuti anasiya kundikhulupirira. Lero, ndili ndi mwana wanga wamsinkhu womwe ndinali nawo tsikulo, ndamvetsa. Sankakayika msana wanga. Tsiku limenelo anatsala pang'ono kubwerera kunyumba chimanjamanja, opanda mwana ngakhale mmodzi.