Thonje m'makutu mwa a Gyembo

Alamu anga a Gyembo ndi kalipentala, mawindo ambiri kuno ku Haa anasema ndi iwo. Koma mukawafunsa ntchito yawo amayamba ndi za uta. Chiyambire unyamata wawo akhala akuimirira mudzi wathu pa mpikisano wa chaka chatsopano, ndi uta wansungwi wopanga okha.

Zaka zitatu zapitazi mivi yawo inkangolasa dothi. Akuluakulu a timu sanawabisire: mukaphonyanso chaka chino, malo anu tipatsa wina. Tsiku limenelo tsabola wophika ndi tchizi, ndiwo yawo yapamtima, anamusiya m'mbale. Ndinawamvera chisoni.

Ndiye anakalipira maphunziro oponya mivi a pa intaneti, ndalama yoti akanagulira macheka atsopano. Mphunzitsi wake anali mzungu wandevu, woponya ali yekhayekha m'nkhalango, kulasa gwape wapulasitiki ali poteropo. A Gyembo, munthu woti ngakhale msundu amauchotsa pamwendo mwaulemu, phunziro la kulasa mtima wa nyama analidumpha. Anatolapo chimodzi basi, choti woponya wabwino amafuna bata.

Bata? Kuno? Ife amayi timapita kubwalo kukaimba, kutamanda athu ndi kunyoza a mudzi wopikisana nawo mpaka manja awanjenjemere. Chandamale nachonso chimakhala kutali, kathabwa kooneka ngati chikhadabo, n'chifukwa chake mnzako amaima pambali pake n'kumakukuwira pamene muvi wagwera. Wowakuwira a Gyembo ndi a Thukten, zaka makumi atatu tsopano.

Tsiku la mpikisano muvi woyamba unagwera panjira. A Thukten anakuwa, "Kwezani, achimwene! Mphepo ikuchokera kumtsinje!" Wachiwiri unagwera pomwepo. Amayi a mudzi winawo anayambitsa nyimbo yoti a Gyembo akudzala mbatata ndi mivi, ndipo ndisaname, inenso ndinaseka. Eniake ali phee ngati mzungu wawo uja. Pofika masana a Thukten anali atakhala pamwala, atagwira pakhosi.

Powapatsira a Gyembo tiyi wabatala ndinaona kanthu koyera m'khutu mwawo.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Mwati?"

Ndinazula thonje lija n'kuwaonetsa. "Mwalipira ndalama kuti mukhale gonthi? Mnzanu uko wang'amba kukhosi chiyambire m'mawa, inu mwamutsekera kunja ngati galu!"

Anayang'ana kutsidya kwa bwalo kumene kunali a Thukten, kenako anachotsa okha thonje la khutu linalo.

Anatsala ndi mivi iwiri. Woyamba unaphonyanso. A Thukten anadzuka, kutsegula pakamwa, mawu osatuluka ngakhale pang'ono. Koma anamunong'oneza bambo wina amene anali pafupi, bamboyo anakuwira wotsatira, uthenga n'kumayenda m'mbali mwa bwalo mpaka unafika kwa ife amayi. Tinakuwa tonse, ndi adani athu omwe, poti iwo kukuwa kulikonse amangolowapo.

"Kwezani pang'ono! Kumanzere!"

A Gyembo anakoka uta. Tinangomva kuti kho! pathabwa.

Amuna anayamba kuvina, ine misozi ili chuchuchu. Akuluakulu anabwera ndi kansalu kachikasu kamene wolasa chandamale amapachika m'chiuno, ndipo za malo awo sanazitchulenso. A Gyembo sanakapachike. Anadutsa nako bwalo lonse wapansi, n'kukawamanga nako a Thukten pakhosi.