Akuti Amayi ndi anti anga

Abale, mwaswera bwanji nonse.

Ndangotuluka kwa loya ku Lanham, ndakhala m'galimoto koma ndikulephera kuyiliza. Mukudziwa kuti chilandirireni unzika wa kunja kuno, mtima wanga wonse unali poitanitsa Amayi adzakhale nane.

Loyayo watenga setifiketi yanga yobadwira n'kuloza dzina. "Awa ndani?" Ndati amenewo ndi malemu mayi ondibereka, anatisiya ndili ndi zaka zitatu. Amene ndikuwaitanitsawa ndi akulu awo, amene anandilera.

Wandifunsa ngati anapita kukhoti kukanditenga mwalamulo ndisanakwanitse zaka 16. Ine mpaka ndaseka. Kwathu ndani amapita kukhoti kuti alere mwana wa mng'ono wake?

Ndiye akuti, "Pepani, pa malamulo a kuno amenewa ndi anti anu. Nzika ikhoza kuitanitsa kholo, koma anti alibe fomu."

Anti! Munthu amene chikulire changa sindinamutchulepo dzina lina koma Amayi.

Pa gulu lathu lapafoni lino Amayiwo palibepo, chonde musawauze kaye. Dzulo lomweli amandifunsa ngati juzi imene akulukayo ingalimbane ndi kuzizira kwa kuno. Amalume, achimwene Yamikani, ndithandizeni. Ndiyambire pati powauza?